Kodi Chanco idakalipo, kapena inapita ndi dzina lake?

MayiWaTadala
Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa kukaphunzira zauphunzitsi ku Zomba. Dzulo ndikuuza anansi kuti mwana akupita ku Chanco, ku Chancellor College kuja, mwanayo n'kundidula pakamwa, amvekere amayi Chanco kulibe, masiku ano ndi UNIMA basi. Mtima wanga unachita ngati wataya kanthu. Ine ndinalekezera Fomu 4, koma amalume anga anaphunzira kumeneko, ndipo pakhomo pathu dzina la Chanco linkatchulidwa mwaulemu ngati la munthu wamkulu. Ndiye ndikufunsa inu amene munadutsako: chinali chiyani kwenikweni chimene chinkapangitsa malo aja kukhala Chanco? Nanga mwana wangayu akachipeza, kapena akangopeza nyumba zokha?

Yaro2023
Mayi musadandaule. Papepala ndi University of Malawi, koma kondakitala wa minibasi, mayi wogulitsa mandasi pageti, ngakhale ifeyo tikamacheza, tonse timati Chanco.

Chirunga79
Choyamba ndikuyamikeni mayi, kulera mwana mpaka kufika pamenepa si ntchito yamasewera. Mwanayo sakunama. Mu Meyi 2021 yunivesite yakale ija inagawidwa patatu. Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College ndi imene inatsala ndi dzina la University of Malawi. Bunda, koleji ya zaulimi, inali itachoka kale mu 2012 kukapanga LUANAR.

Koma tiyambire kumayambiriro, chifukwa ana ambiri amaganiza kuti koleji inabadwira ku Zomba. Ayi. Yunivesite inakhazikitsidwa mu 1964, miyezi yochepa dziko litangolandira ufulu, ndipo maphunziro anayamba mu Sepitembala 1965 ku Chichiri mu Blantyre, ndi ophunzira 90 okha, m'nyumba zimene poyamba zinali za sukulu ya sekondale. Ku Chirunga, mu Zomba, inasamukira mu 1973. Posamukapo inatenganso Soche Hill College, kumene ankasula aphunzitsi, ndi sukulu ya ku Mpemba kumene ankaphunzitsa zamalamulo ndi kayendetsedwe ka boma. Choncho mwana wanu akamakalowa m'kalasi la zauphunzitsi, adziwe kuti muzu wa maphunziro akewo uli ku Soche.

Ife tinafika nyumba zikadali zatsopano, njerwa zikadali zofiira bwino, mitengo yambiri ikadali yaifupi. Tinalipo ochepa moti pofika chaka chachiwiri unkadziwa nkhope ya aliyense. Mwana wa mlimi wa ku Chitipa ankagona chipinda chimodzi ndi mwana wa kalaliki wa ku Nsanje. Ine munthu woyamba wolankhula Chilambya amene ndinacheza naye pamoyo wanga ndinamupeza kumeneko, ndipo mpaka lero ana athu amatchulana achibale. Mukandifunsa ine, Chanco inali pamenepo.

PolyMpakaKale
Mwayamba kale a Chanco. Mumayankhula ngati yunivesite yonse munali inu nokha. Misewu imene mumayendamo ndi magetsi amene mukuwerengera uthengawu anakonza ndi ana a Poly.

Nachisale_Leeds
A Poly, palibe amene wakunyozani. Mayiwa afunsa za Zomba. Mukatsegula nkhani ya kwanu ku Ginnery Corner tidzabwera kudzamvera.

MphunzitsiWaKuNtaja
Ine ndikufuna ndiwonjezere pa zimene anena a Chirunga79, koma mbali ina sindigwirizana nawo. Kusakanikirana kwa mitundu kunalipodi, komatu kunalinso ku sekondale za boma zogonera komweko, ngakhale ku usilikali. Chimene chinali cha Chanco yokha ndi chizolowezi chofunsa mafunso pa nthawi imene kufunsa kunali koopsa.

Taganizirani izi. Dzina lenilenilo linachokera pa udindo wa Kamuzu, amene anali Chancellor wa yunivesite. Tsiku lopereka madigiri ankabwera yekha, amayi a mbumba akuvina, aliyense ataimirira. Koma m'kati mwa koleji yomweyo munali gulu la alembi lotchedwa Writers Group, limene linayamba mu 1970 akadali ku Chichiri. Ankakumana madzulo, wina n'kuwerenga ndakatulo yake, ena n'kuisenda khungu pamaso pake. Poti kunena zinthu poyera sikunkatheka, anaphunzira kuyankhula mokuluwika, kudzera mwa nanzikambe, Napolo, akadzidzi, nthano za makolo. Womvetsa ankamvetsa. M'gulu limeneli munadutsa a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande, a Frank Chipasula, a Steve Chimombo, a Anthony Nazombe ndi ena.

Ndipo mtengo wake unalipidwa. A Felix Mnthali anatsekeredwa m'ma 1970. A Chipasula anathawira ku Zambia. A Mapanje, ali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi, anagwidwa pa 25 Sepitembala 1987 ku Gymkhana Club mu Zomba momwemo, n'kukakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse kukhoti. Mikuyu ili kunja kwa tauni yomweyo. Ophunzira ankadziwa kuti mphunzitsi wawo ali pafupi pomwepo, koma palibe amene akanatha kukamuona. Ine ndinalowa chaka chotsatira, ndipo dzina lawo tinkalitchula monong'ona.

Chirunga79
Aphunzitsi, sindikukana. Koma tisawauze mayiwa ngati tonse tinali olimba mtima. Ambiri tinkangowerenga, kulemba mayeso, kupewa kuyankhula zandale pamaso pa munthu amene sukumudziwa bwino, chifukwa mphekesera zinali ponseponse zoti pakati pathu pali makutu a boma. Olimba mtimawo anali ochepa. N'chifukwa chake mayina awo timawakumbukira.

MphunzitsiWaKuNtaja
Pamenepo mwanena zoona akulu. Koma ochepawo ankasintha mpweya wa malo onse. Ngakhale iwe wamantha unkatuluka utaphunzira kuti chimene chalembedwa m'nyuzipepala si mapeto a nkhani.

MwanaWaChikanda
Inu nonse mukukamba za m'kati mwa mpanda. Ine ndinabadwira ku Chikanda, pafupi ndi koleji, sindinakhalepo wophunzira, koma koleji ija ndimaidziwa kuposa ena a inu amene munangokhalako zaka zinayi. Bambo anga anagwira ntchito yosesa ndi kutchetcha kumeneko mpaka kupuma. Mayi anga ankachapa zovala za ophunzira. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'madzi a sopo amenewo.

Koleji ikatsekedwa, kaya chifukwa cha sitiraka kaya zionetsero, inu mumakwera basi kupita kwanu. Ife timatsala ndi tomato wowola pamsika, zipinda zopanda anthu, akabaza atangokhala pansi pa mtengo. Ndiye mukamalemba mbiri ya Chanco muzitiwerengeramo. Boma litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo nyumba ya malamulo itatsatira pambuyo pa 1994, chimene chinatsala chikupumitsa tauni ya Zomba ndi koleji, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi apolisi.

Nachisale_Leeds
Achimwene a ku Chikanda, mawu anu andikhudza. Mayi wina wa ku Chikanda ankandikongoza chakudya mwezi wathunthu ndalama zikachedwa kuchokera kumudzi, osalemba paliponse. Ndinabwerera patatha zaka kukawafuna, anthu anandiuza kuti anatisiya. Mpaka lero zimandipweteka kuti sindinawathokoze mokwanira.

Kabaza_wa_Matawale
Poti mwatchula Chikanda, mayi Tadala yambani msanga kufunafuna chipinda ngati mwana sanapeze malo ku hositelo. Masukulu akangotsegulira zipinda zabwino zimakhala zitatha. Ndipo musangotumiza ndalama pafoni kwa munthu amene simunamuone, pitani mukaone nokha chitseko, loko, chimbudzi ndi kumene amatunga madzi.

MayiWaTadala
Zikomo achimwene. Kodi ku Chikanda ndi ku Matawale kwabwino n'kuti kwa mwana wamkazi?

Kabaza_wa_Matawale
Chikanda ndi pafupi, amayenda wapansi. Matawale ndi kotalikirako, afunika kabaza kapena kuyenda ndi anzake, makamaka akachedwa ku laibulale usiku. Chachikulu apeze anzake awiri atatu odalirika.

Yaro2023
Ndipo mumugulire ambulera yolimba ndi juzi. Mvula ya ku Zomba imatsika m'phiri mosachenjeza, ndipo Juni kumazizira zedi.

Gogo_Mulunguzi
Ana inu mwayamba za ambulera, nkhani ya mayiwa isanathe. Ndiloleni ndinene za atsikana, chifukwa wopitayo ndi mtsikana.

Nthawi yathu tinali ochepa kwambiri. M'makalasi ena a sayansi unkapezeka mtsikana uli wekha pakati pa anyamata. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkatiletsa kuvala thalauzi ndi siketi yosafika pansi pa mawondo, ndipo anyamata sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Kumudzi azakhali ankandiuza kuti mkazi wophunzira kwambiri sakwatiwa. Ndinapitabe. Chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene mphunzitsi wina anandiuza kuti ndiime kutsogolo nditeteze zimene ndinalemba, anyamata makumi atatu akundiponyera mafunso. Mawondo ankanjenjemera, koma nditamaliza anandiuza kuti mfundo yanga yaima. Kuyambira tsiku limenelo sindinaopenso kuyankhula pamsonkhano uliwonse, kaya pa bwalo la mfumu kaya mu ofesi ya boma.

Mayi Tadala, muuzeni mwana wanu kuti akakhale kutsogolo m'kalasi ndipo akakweze dzanja. Akakhala chete zaka zinayi adzabwera ndi pepala lokha.

MayiWaTadala
Agogo, uthenga wanu ndamuwerengera mokweza. Wangoti zii, kenako wandipempha kuti ndimutumizire pafoni yake.

Finale2012
Ine ndine wa m'badwo umene unataya pafupifupi chaka chonse cha maphunziro, ndiye ndili ndi mbali ziwiri mumtima. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi. Ankaphunzitsa zandale, ndipo anayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Funso la aphunzitsi linali lakuti, mawu a m'kalasi anafika bwanji kupolisi? Anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti muli ufulu wophunzitsa mopanda mantha. A Jessie Kabwila ndi amene ankatsogolera bungwe la aphunzitsi. Iwo, a Chinsinga, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin anachotsedwa ntchito, nkhani inapita kukhoti, ndipo zinatenga miyezi pafupifupi isanu ndi itatu kuti abwezeretsedwe ndi kuti makalasi ayambenso.

Pa nthawiyo ndinali wokwiya. Ndinkafuna kumaliza ndiyambe kuthandiza azing'ono anga. Koma lero ndimaphunzitsa, ndipo ndikaima kutsogolo kwa ana n'kupereka chitsanzo chokhudza boma popanda kuyang'ana pawindo, ndimadziwa amene anandigulira mtendere umenewo.

PolyMpakaKale
Apa ndiye ndiyankhule mwaulemu. Chaka chomwecho aphunzitsi a ku Poly nawonso anaima nanu limodzi. Ndipo ife tinataya Robert Chasowa, wophunzira amene anapezeka atafa pa kampasi mu Sepitembala 2011. Nkhondo imeneyo sinali ya Zomba yokha.

Finale2012
Zoona achimwene, ndipo mzimu wake uuse mumtendere. Ifenso timakumbukira Fanikiso Phiri, amene anawomberedwa pa zionetsero ku Zomba mu Disembala 2001. Mayaro ambiri, ophunzira a chaka choyamba, lero sadziwa dzina limeneli.

Wakuda_Bii
Ine ndinene zimene ena akuopa kunena. Mbiri yonseyi ndi yokoma, koma anthu amene akhala akuyendetsa dziko lino zaka makumi atatu zapitazi, ambiri anadutsa ku Chanco komweko. Maloya, majaji, alembi aakulu a maunduna, nduna. Ngati kolejiyo inkaphunzitsa kufunsa mafunso ndi kukonda chilungamo, bwanji katangale sakutha? Kapena ankafunsa ali ophunzira, atalandira galimoto ya boma n'kuiwala?

MphunzitsiWaKuNtaja
Funso lanu ndi lolemera ndipo sindilithawa. Ena anaiwaladi. Ndimawadziwa amene tinkaimba nawo pamsewu mu Malichi 1992, pamene tinayenda kuchirikiza kalata ya maepiskopi a Katolika ija inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, koleji n'kutsekedwa, ife n'kutumizidwa kwathu. Ena mwa iwo lero sangakuyankhe moni. Koma onaninso mbali inayi. Pa majaji asanu amene anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, ndi maloya a mbali zonse amene anatsutsana pamaso pawo miyezi yonse ija, ambiri anasulidwa ndi sukulu ya zamalamulo ya ku Chirunga. Kwa zaka zambiri inali yokhayo m'dziko muno. Mbewu zofesedwa m'munda umodzi sizibereka mofanana.

Wakuda_Bii
Ndamva, koma sindinakhutire. Tikadakhala ndi olimba ambiri kuposa oiwala, dziko silikadakhala pamene lili.

Chirunga79
Siyani akhale osakhutira, aphunzitsi. Kukana kukhutira msanga n'kumene mwakhala mukukutamanda kuyambira m'mawa.

Namasina_wa_ku_Liwonde
Ine sindinaphunzire kumeneko, koma Chanco inabwera kwathu. M'ma 1980 ndili kamtsikana, gulu la zisudzo la Travelling Theatre linkafika m'midzi ya kuno. Sankangobwera ndi sewero lokonzeratu. Ankakhala ndi anthu, kufunsa mavuto a zitsime, zimbudzi, matenda otsekula m'mimba, kenako n'kupanga sewero m'Chichewa ndi m'Chiyao pabwalo, anthu a m'mudzi n'kumalowererapo kutsutsa kapena kukonza. Ndinamva pambuyo pake kuti a Chris Kamlongera ndi a David Kerr ndi ena mwa amene ankatsogolera ntchito imeneyi. Tsiku limenelo ndi limene ndinaona koyamba mtsikana wa ku yunivesite ndi maso anga. Ana anga awiri ndawaphunzitsa mpaka ku koleji chifukwa cha chithunzi chimene chinatsala m'mutu mwanga.

Nachisale_Leeds
Nkhani ngati iyi simuipeza m'mabuku a mbiri ya koleji. Zikomo achemwali.

Ndiwonjezere za chiyankhulo, poti tikulemba m'Chichewa. Kamuzu ankafuna Chilatini ndi Chigiriki, moti m'ma 1980 kunatsegulidwa dipatimenti ya maphunziro amenewa. Koma pa kampasi yomweyo panalinso dipatimenti ya Chichewa ndi sayansi ya ziyankhulo, kumene kunadutsa akatswiri ngati a Sam Mchombo, a Al Mtenje ndi a Pascal Kishindo. Mu 1996 Centre for Language Studies inalowa m'malo mwa Chichewa Board, ndipo ndi iyo inatulutsa mtanthauziramawu wa Chinyanja amene ndimagwiritsa ntchito kuno pophunzitsa ana anga. Kuno ku Ulaya ndikakumana ndi ofufuza za ziyankhulo za Chibantu, mayina amenewa amawadziwa. Ife eni ake ndi amene tinkaseka anzathu otenga Chichewa kuti akuphunzira chiyankhulo cha kunyumba, ndipo tinkalakwa.

Yaro2023
Akuluakulu, ndakhala ndikuwerenga zonse ndipo ndikupempha ndinene za lero, chifukwa ena mukuyankhula ngati moto unazima. Zinthu zinasinthadi. Inu munkadya ku kafeteriya kwaulere n'kulandiranso ndalama ya mabuku. Ife ambiri timadalira ngongole ya boma ndi makolo, timaphika tokha pa mbaula, ena amagulitsa zovala za kaunjika kapena kuluka tsitsi kuti apeze ya lendi. Tilipo masauzande, ndiye simungadziwe aliyense ngati nthawi ya a Chirunga79. M'makalasi ena ukachedwa umamvera uli chiimire.

Koma Great Hall ilipo, ndipo mtsutso ukakhalamo anthu amadzaza. Little Theatre ilipo. Wailesi ya Chanco ikuulutsa mawu. Ku laibulale kuli chipinda cha Malawiana, kumene ndinapeza zolemba za Writers Group zimene aphunzitsi a ku Ntaja akunena, mapepala achikasu olembedwa pa taipi. Ndinakhala pamenepo mpaka kutseka. Sabata yomweyo tinayambitsa kagulu kathu kowerengerana ndakatulo Lachinayi madzulo pansi pa mtengo. Tilipo khumi ndi awiri. Sitikuopa Mikuyu, koma tili ndi zathu zotiwawa zoti tilembe.

Chirunga79
Mwana wanga, wandigwetsa misozi munthu wamkulu. Mitengo imene mukukhala pansi pakeyo ife tinaisiya ikutifika m'mapewa.

Wakuda_Bii
Lembani ndithu. Koma mudzakumbukire zimene mukulembazo mukadzalowa m'maofesi.

MwanaWaChikanda
Ndipo mulembemonso za amayi a pamsika wa Chikanda.

Yaro2023
Ndakatulo yoyamba imene tinawerenga inali ya mayi wogulitsa makala, achimwene. Mudzabwere Lachinayi lina mudzamve, geti sikukanizani.

MayiWaTadala
Abale, sindimayembekeza kuti mungandiyankhe chonchi. Tadala wakhala pambali panga usiku wonse, ndipo wafunsa kuti Mikuyu ili mbali iti, ndiponso ngati a chaka choyamba amaloledwa kulowa m'chipinda cha Malawiana chija. Tinyamuka Loweruka m'mawa kuchokera ku Balaka kuti tikaone za chipinda. A Kabaza, tikatsikire pati kuti tisasochere?

Kabaza_wa_Matawale
Uzani kondakitala kuti mukutsika pa mphambano yopita ku Chanco, musanalowe m'tauni. Akabaza amakhala pomwepo. Mukafike kusanatenthe, eni nyumba ambiri Loweruka masana amakhala atapita kumsika.

Yaro2023
Amaloledwa mayi, amangofunika chiphaso cha sukulu. Akadzamaliza kulembetsa adzanditumizire uthenga kuno, ndidzamudikira pa masitepe a laibulale ndipo Lachinayi lake tidzapita naye kumtengo.